Agogo a Kansalu ka Pamkono

Mzime anali atadziika yekha m'mavuto. Ankauza anzake a m'kalasi kuti agogo a bambo ake anali mkulu wa asilikali pa nkhondo yaikulu, ndipo adani ankathawa akangomva dzina lawo. Nkhaniyi inafika kwa aphunzitsi a mbiri yakale, omwe anamuuza kuti abweretse chithunzi chawo, adzafotokoze pamaso pa onse Lachisanu.

Anachichotsa pakhoma la pabalaza n'kuchikulunga m'thaulo. Nthawi yopuma, aphunzitsiwo anachiyang'anitsitsa ndi galasi lokuza zinthu, akuyerekeza ndi zithunzi za m'buku lawo. Anamusonyeza chipewa, lamba ndi matumba a malaya, n'kunena kuti yunifolomu yotereyi inayamba kuvalidwa nkhondo itatha kale. Paphewa panalibe nyenyezi ngakhale imodzi.

"Koma taona kansalu ka pamkonoka, mwanawe. Kali ndi mtanda. Awa ankagwira ntchito m'chipatala cha asilikali."

Mzime anagwa mphwayi. Atafika kunyumba anapeza bambo ake akukonza loko wa chitseko, ndipo anawadandaulira kuti anthu a m'banjamo anamunamiza. Bambowo anapukuta manja, n'kuyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anati nawonso ankangomva kwa azakhali awo. Agogowo za nkhondo sankazikamba n'komwe.

Kenako anapinda mwendo wa buluku n'kumuonetsa chipsera chachitali pansi pa bondo. Ali mwana anagwera pa lata lakuthwa, magazi osaleka. Akuluakulu onse ankangothamangathamanga akulira, koma agogo anang'amba malaya awo, n'kumanga mwendowo mwaluso, n'kuwabereka mpaka kuchipatala, akuwafunsa tizinthu tachabechabe njira yonse kuti asakomoke.

"Ndinkadabwa kuti zimenezi anaziphunzira kuti," anatero. "Lero ndiye ndadziwa."

Lachisanu Mzime anaima kutsogolo, chithunzi m'manja. Anafotokoza za chipewa, za lamba ndi za kansalu kaja. Wina kumbuyo anaseka kuti mkulu wa asilikali uja wasanduka womanga mabandeji. Mzime anangopitiriza ndi nkhani ya mwendo wa bambo ake.

Mnyamata wosekayo anaimika mkono n'kufunsa kuti agogowo anapulumutsa anthu angati.

"Sindikudziwa," anatero Mzime. "Ndikudziwa mmodzi yekha. Akanapanda kupulumuka, bwenzi ine kulibe."