Mbali Yodulidwa ya Chithunzi

Anakumana pamalo odikirira basi, mvula ikuwaza. Mtsikanayo anali atafungatira laputopu pachifuwa ngati khanda. Wamawaya, mnyamata woyendetsa pulojekita muholo ya pasukulu ya ukachenjede, anavula jekete n'kumufunditsa.

"Mukufunditsa ine kapena makinawa?" mtsikanayo anafunsa akuseka.

"Makina akanyowa ndimakonza. Nanga inu mukadwala ndingayambire pati?"

Basi inabwera n'kupita, iwo osaiona.

Mtsikanayo ankafufuza za anankafumbwe, tizilombo toboola chimanga m'matumba. Kumapeto kwa mwezi ankayenera kufotokoza zomwe anapeza pamaso pa akuluakulu. Koma masilaidi ake, masamba oonetsa pakhoma ndi pulojekita, anali odzaza zilembo ngati mchenga, ndipo akangoimirira mawu ankanjenjemera.

Choncho masana aliwonse, anthu akapita kukadya, Wamawaya ankatseka makatani a holo n'kuyatsa pulojekita. Fumbi linkavina m'kuwalako pang'onopang'ono. Mtsikanayo akadutsa kutsogolo, mizere yofiira ndi yobiriwira inkagwera pamasaya pake, mnyamata n'kuiwala kupuma.

"Chepetsa zilembo, Njiwa yanga. Silaidi imodzi, nkhani imodzi. Wakumbuyo aziwerenga osasuzumira."

"Nanga iwe udzakhala pati tsikulo?"

"Kumbuyo komweko, pakompyuta."

"Basi ndizidzalankhula kwa iwe wekha. Enawo ndi mipando."

Mawu otero angamusiye ndani ali bwinobwino? Poweruka, foni inkalira ndi uthenga wa mtsikanayo: "Kuwala kwanga, popanda iwe khoma langa ndi mdima. Ndikangomaliza izi, ndine wako mpaka imvi!"

Mlongo wake wa Wamawaya, amene ankakhala naye nyumba imodzi, anamupeza akumwetulira yekha, tiyi atazizira m'kapu.

"Achimwene, foniyo mwayamba kuithira shuga? Mtsikanayo kwawo mukukudziwa? Anzake anakuonetsani?"

"Ndi wotanganidwa, mlongo."

"Chikomekome cha mkuyu, achimwene."

Koma khutu la munthu wokonda ndi dengu, madzi sakhalamo. Wamawaya anali atatsimikiza kale kuti tsiku lomwelo, anthu akangotuluka muholo, adzamupempha ukwati. M'maganizo mwake ankaona kale kanyumba ka mawindo aakulu, iye akulumikiza mawaya a nyale, Njiwa akuwerenga mabuku ake pakhonde.

Tsikulo linafika. M'mawa mtsikanayo anamupatsa masilaidi omaliza, atawonjezamo chithunzi chimodzi cha kumunda. Holo inadzaza. Pamzere wakutsogolo panakhala adokotala otsogolera kafukufukuyo, bambo wa suti yotuwa.

Analankhula bwino bwanji mtsikanayo! Mawu osanjenjemera, manja osagwedera. Anafotokoza matumba amene anankafumbwe amafera m'kati chifukwa chosowa mpweya, anthu n'kumagwedeza mitu. Wamawaya ankadina silaidi iliyonse ngati akusisita tsaya.

Kenako mphunzitsi wina wachikulire anakweza dzanja.

"Mwanawe, chithunzi cha matumbacho chachepa. Maso anga ndi akale. Tachikulitsani."

Wamawaya anafulumira kuti Njiwa yake isachite manyazi. M'phuma limenelo anadina batani lobwezera chithunzi mmene chinalili poyamba. Pajatu ukadula chithunzi pasilaidi, mbali yodulidwayo sitayika. Imangobisala.

Inabwerera yonse, yaikulu kudzaza khoma.

Pambali pa matumbawo panali mtsikanayo, mutu atatsamiritsa paphewa la adokotala aja. Adokotalawo anali atamukweza dzanja kuti mphete ioneke bwino.

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Ena anawomba m'manja.

"Ife tinkadziwa kale!" anafuula mayi wina. "Ukwati ndi liti, adokotala?"

"Mwezi wamawa," anayankha adokotalawo akukonza tayi. "Koma tiyeni timalize kaye za anankafumbwe."

Mwezi wamawa! Nanga imvi zija? Nanga masana onse aja? Wamawaya anayang'ana uku ndi uku. Aliyense ankaseka mokondwa, ngakhale wosesa muholo amene anaima pakhomo. Kani onse ankadziwa, kupatula iye amene ankatseka makatani?

Anadikira kuti mtsikanayo amuyang'ane. Diso limodzi lokha likanakwana, ngakhale la manyazi. Mtsikanayo anaseka pang'ono ndi anthuwo, anakonza kolala ya bulauzi, kenako anayandikira maikolofoni.

"Achimwene a makina kumbuyoko, tipatseni silaidi yotsatira."

Chala cha Wamawaya chinali pabatani. Anthu anayamba kutembenuka kuti aone chachedwetsa n'chiyani.

Anadina.

Masilaidi anali adakali ambiri, ndipo onsewo anawakonza ndi Wamawaya yemweyo.