Dzina Limene Maureen Anawerenga

Anakumana pa siteji ya Chamama tsiku limene minibasi ya ku boma inachedwa kudzaza. Dorika ankauza amayi ake ku Wimbe kuti afika mochedwa, koma mayunitsi anamuthera mawu ali m'kamwa. Mnyamata amene anakhala pambali pake anangomupatsira foni yake, n'kuyang'ana kumbali kuti asamve za eni.

Kanali kanthu kakang'ono, koma Dorika anakasunga mumtima.

Mnyamatayo anati ndi Ephraim Nthanda, kapitawo pa esiteti ya fodya wa bale, kwawo ku Mulanje. Zala zake zinali zakuda ndi utomoni wa fodya. Asanatsike anapempha nambala, ndipo madzulo ake uthenga unafika: "Mwafika bwino, mayi osowa mayunitsi?"

Mvula inabwera n'kupita. Mauthenga anasiya kunena "inu".

"Duwa langa, fodya akangogulidwa ku okushoni, ankhoswe anga afika ku Wimbe. Ndalonjeza pamaso pa Mulungu."

Dorika anauwerenga mpaka kuuloweza ngati vesi. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kusungira chinkhoswe. Mu saluni yake anachotsa dikoda yolipira zambiri pamwezi n'kuikamo yotchipa, ngakhale makasitomala anadandaula kuti sewero lawo lathera panjira. Laini ya foni anasinthanso. Anapita ku kampani ina imene bando yake inali ndi intaneti yokwanira kuonera masitayelo a tsitsi, komanso mphindi zambirimbiri zoimbira anthu a kampani yomweyo.

Vuto linali limodzi. Ephraim anatsalira ku kampani yakale, ndiye kumuimbira kunkadya ndalama ngati chiswe.

Dorika anamupempha kuti asinthe. Ephraim anati mabwana anazolowera nambala yakaleyo. Sabata inayo anati netiweki yatsopanoyo sigwira ku zigafa. Kenaka anati aona.

Aona chiyani? Laini yogulitsidwa pamsewu pomwepo, munthu n'kuiganizira mwezi wathunthu?

Kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi saluni, kunali ambulera ya Maureen, mtsikana wogulitsa malaini ndi kutumiza ndalama za pafoni. Galasi la mu saluni linkaonetsa ambulerayo bwinobwino, ndipo Dorika anayamba kuona zimene sanafune kuona. Ephraim akamadutsa, Maureen ankamutsatira ndi maso mpaka alowe mu saluni. Ephraim naye ankawerama ngati wataya singano.

Loweruka lina anawaona m'galasimo ataima pafupi, akulankhula motsitsa mawu. Ephraim anali atagwira manja pachifuwa ngati wopempha. Dorika anakoka tsitsi la kasitomala mpaka mayiyo anafunsa ngati analakwirana.

Kukwaya anaimba, koma mtima unali pansi pa ambulera. Anapemphera kuti Ambuye amuchotsere nsanje. Lolemba m'mawa anapukuta galasi lija kawiri.

Ephraim atabwera ndi nthochi, monga ankachitira nthawi zonse, Dorika sanazilandire.

"Kodi mukukana kusintha laini chifukwa nambala yakaleyo ndi imene Maureen akuidziwa?"

"Maureen?" Ephraim anaseka, koma kuseka kwake kunachedwa pang'ono. "Dori, ine ndi iwe basi. Amene uja ngakhale atandipatsa mayunitsi aulere chaka chonse."

Dorika anati mawu okoma sagula bando. Anamuuza kuti ngati zoona amamukonda, asinthe.

M'mawa mwake uthenga unabwera kuchokera pa nambala yachilendo: "Ndasintha, mfumukazi yanga. Nsanje yako yapambana."

Ha, chimwemwe chake! Sabata imeneyo analankhulana mpaka foni kutentha khutu. Anakambirana za mtundu wa nsalu, za oimba, za nyumba ya malata. Dorika anachita manyazi ndi maganizo ake akale, koma kamtima kena kanafunabe kuti Maureen adziwe malo ake.

Mpata unapezeka. Ephraim ankapita ku boma Lachisanu, ndipo Dorika anaganiza zomutumizira ndalama zimene anapulumutsa pa dikoda ndi pa foni kuti akagule nsalu ya chinkhoswe. Pa Chamama otumiza ndalama ndi ambiri. Iye anawadutsa onse n'kukaima pa ambulera ya Maureen.

"Munditumizire izi, asisi. Ndi za nsalu ya chinkhoswe chathu, ine ndi a Ephraim," anatero mokweza pang'ono, n'kutchula nambala yatsopano ija imodziimodzi.

Maureen analemba. Kenaka, monga amachitira onse otumiza ndalama asanadine, anayenera kuwerenga dzina la mwini laini kuti wotumiza avomere. Anayang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Fainala Nthanda," anawerenga chapansipansi.

Dorika anati walakwitsa nambala. Anaitchulanso, Maureen analembanso, ndipo ulendo uno anangomutembenuzira foni kuti adzionere yekha. Dzina linali lomwelo.

"Ndi mlongo wawo," anatero Dorika. Koma Ephraim anali atamuuza kale kuti kwawo anabadwa amuna okhaokha.

Maureen anadikira kuti bambo wina wogula mayunitsi achoke, ndiye anafotokoza. Laini imeneyo sinali yatsopano. Anailembetsa Maureen yemweyo chaka chatha, nthawi yosoka fodya. Ephraim anabwera ndi mayi wina wochokera ku Mulanje, mwana ali kumsana. Chitupa cha Ephraim chinali ku ofesi ya esiteti, ndiye anagwiritsa ntchito cha mayiyo. Ankafuna laini yoti aziimbirana motchipa mayiyo akabwerera kumudzi.

"Mwanayo ankalirira bisiketi, akuti adadi, adadi," anatero Maureen. "Loweruka lija ndinkawauza kuti akuuzeni okha, apo ayi ndikuuzani ine. Anandipempha kuti ndidikire fodya agulidwe."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Mukanandikhulupirira, asisi? Mmene munkandiyang'anira m'galasi muja?"

Dorika anaimba pomwepo. Foni inangolira kamodzi.

"Duwa langa, watumiza?"

"Fainala ndi ndani?"

Dorika ankamva alimi akuseka chapatali m'chigafa, ndi wina akutsokomola. Mphindi zotchipa zija zinkangopita popanda wolankhula. Ndiye munthu uyu analephera ngakhale kumugulira laini yakeyake? Anangotulutsa ya mkazi wake pamene ankaibisa?

"Dori, ndimafuna ndikuuze fodya akagulidwa. Zinthu kunyumba sizili bwino. Iwe ndi amene…"

"Mwanayo dzina lake ndani?"

"Sunganani."

"Mumugulire bisiketi Sunganani," anatero Dorika, n'kudula.

Maureen anamukankhira kampando kake, n'kusuntha ambulera kuti anthu a pamsewu asaone nkhope yake. Ndalama zija anazipinda, anaziika m'dzanja la Dorika n'kumutsekera zala.

Dorika anafuna kupemphera, koma mawu amene anabwera anali akuti "Ambuye" basi. Anakumbukira kuti amayi ake ayamba kale kunenepetsa mbuzi ya alendo a ku Mulanje. Anayenera kuwauza lero, asanamve kwa ena.

Anadina nambala yawo. Foni inakana. Amayi anali ku kampani yakale, ndipo iye anali ndi mphindi zambirimbiri zoimbira munthu mmodzi yekha, koma mayunitsi analibe.

Maureen anamupatsira foni yake, n'kuyang'ana kumbali.