Mpata wa pa Denga la Kasiran

Kasiran analibe munda. Bambo ake anagulitsa kachigawo komaliza ka mpunga asanamwalire, ndiye iye anangotsala ndi khasu, mkazi wake Ngatemi, ndi mwana mmodzi wamkazi, Wartini. Nyumba yawo inali ya nsungwi zoluka. Mvula ikagwa, mapoto onse ankathera kutchera zodontha, osatsala lophikira.

Koma manja anali nawo. Kwathu kuno munthu akamakweza denga salemba aganyu. Amauza anansi, amuna n'kubwera ndi nyundo zawo, akazi n'kuphika, ndipo dzuwa likamalowa nyumba yafoleredwa. Malipiro ake ndi manja omwewo, tsiku la mnzako likafika. Kasiran sankaphonya. Denga la Sutiyem wamasiye anakwerapo, la mzikiti anakwerapo, ngakhale makola a mbuzi. M'mudzi monse munalibe denga lopanda thukuta lake. Banja lililonse linali naye ngongole, koma likaibweze pati, poti mwini wake analibe ngakhale phaso limodzi?

Chinamupweteka ndi nyumba ya mlamu wake Marjuki, mchimwene wa Ngatemi, imene inamangidwa ndi ndalama za mwana wake wogwira ntchito ku Malaysia. Tsiku loikweza, Marjuki anakuwa ali pansi, kapu ya khofi ili m'manja:

"Alamu, mukalambira pa madenga a eni ngati nkhunda! Lanu tidzakwera liti?"

Anthu anaseka. Kasiran anaseka nawo ndi mano okha.

Sabata yomweyo anatenga tambala wakuda ndi lubani, n'kupita kuseri kwa nkhalango, kwa a Mbah Sokromo, nkhalamba imene anthu ankaitchula monong'ona. Nyumba yawo inali ndi makoma atatu. Khoma lachinayi panalibe.

"Ukufuna chuma, kapena ukufuna anthu aleke kukuseka?" anafunsa nkhalambayo, osamuyang'ana.

"Zonse, agogo."

"Zonse n'zodula, mwana wanga."

Anamupatsa msomali wadzimbiri wokulunga m'nsalu yoyera, yonga yoikira maliro.

"Ukakhome pa mtanda wa pamwamba wa denga lako. Kudzabwera mlendo kudzakhala nanu. Iyeyo sadya mpunga, ndipo amadana ndi nyumba yotha. Uzimanga, uzigumula, uzimanganso. Pa denga usiye mpata, kuti azituluka kukakusakira chuma, n'kudya zake konko."

"Nanga mpatawo utatsekeka?"

"Ukatsekera galu wanjala m'nyumba, amadya chiyani?"

Kasiran anayang'ana msomali uja.

"Amadya chimene chagona pafupi," anatero a Mbah Sokromo. "Amayamba ndi chofewa."

"Mkazi wanga ndimuuze?"

"Ukamuuza, mlendo amva. Sakonda kutchulidwa."

Kasiran anaganiza za Wartini. Kenako anakumbukira chipongwe cha nkhunda chija, n'kuika msomaliwo m'thumba.

Chaka chimenecho anabwereka kamunda n'kubzala anyezi. Anyezi a anthu onse anawola, ake okha anakula ngati nkhonya. Chaka chotsatira anagula kamundako, kenako minda ina itatu, ng'ombe, ndi kalole konyamula mbewu. Koma ife odziwa mtengo wa anyezi pamsika tinkaona kuti chumacho chikuposa anyeziwo. Nthawi yomweyonso mpunga unayamba kutsika wokha m'matumba a anthu, matumba ali omanga. Amuna anawonjezera olondera mudzi, anthu anagula maloko atsopano, koma wakuba sanagwidwe, ngakhale phazi lake silinaoneke.

Nyumba ya nsungwi inasanduka ya njerwa, koma sinkatha. Khitchini akaimanga lero, pakatha miyezi iwiri waigumula. Khonde la kum'mawa analisamutsira kumadzulo, kenako n'kulibweza. Ndipo anansi sankawaitana. Ankalemba amisiri a m'tauni.

"Alamu, manja athu ali ndi zipere?" anafunsa Marjuki. "Tiuzeni tsiku, tidzamalize chinyumbachi."

"Musavutike, alamu. Ndikadali kuganiza kamangidwe kake."

Pa ngodya ya denga, pafupi ndi chipinda cha Wartini, panali mpata wa matailosi anayi. Mvula inkalowera pamenepo n'kudetsa khoma. Tsiku lina Kasiran ali kumsika, Ngatemi anatopa ndi kukolopa, anakwera makwerero n'kuvundikirapo lona. Dzuwa lisanalowe, Wartini anali atatentha thupi ngati mbaula.

"Amayi," ananong'ona mwanayo, maso ali m'mwamba, "pali munthu akuyenda pa siling'i. Akununkhiza."

Kasiran atafika n'kuona lonayo, sanavule n'komwe chipewa. Anakwera m'mvula momwemo n'kuing'amba ndi manja. Kutacha Wartini anadzuka n'kupempha phala. Koma m'khola anapeza ng'ombe yaikazi itafa, yopanda bala, youma gwa ngati yafa chaka chatha.

"Bambo a Wartini, mukundibisira chiyani?" anafunsa Ngatemi.

"Mpata uja usadzaukhudzenso. Ndakupempha, mayi. Usandifunse."

Kuyambira pamenepo Kasiran anawonda. Ankati akadya pang'ono, watuluka kukayang'ana denga. Wartini anali atakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anzake kusukulu ankamuseka kuti amakhala m'nyumba ya chiswe, yomangidwa tsiku lililonse.

Mvula ya chaka china ili pafupi, Kasiran anasasula theka la denga kuti alikonzenso. Phaso linathyoka, iye n'kugwera pa mulu wa njerwa. Anamutengera kuchipatala cha m'tauni ali chikomokere, mwendo utathyoka. Ngatemi anapita naye, n'kusiya mwana m'manja mwa mkazi wa Marjuki, kuti azibwera kudzagona naye m'nyumba ya Kasiran. Amisiri a m'tauni ataona kuti wowalipira wagona, analongedza zida zawo.

Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti, Marjuki anawaimitsa.

"Abale, munthu uja tili naye ngongole. Ndani pano amene denga lake silinakwerepo Kasiran? Ine ndinamuseka tsiku lina, mpaka lero zimandiluma. Mitambo mukuiona. Kodi abwere ndi ndodo, apeze mpunga wake ukumera m'matumba?"

Palibe anatsutsa. Lamlungu m'mawa mudzi wonse unali pamenepo. Sutiyem wamasiye anabwera ndi chinangwa chophika, ena ndi shuga ndi tempe, ndiwo ya soya. Nyundo zinalira ngati pa ukwati. Pofika masana anali atafika pa ngodya ija.

"Amisiri a m'tauni!" anaseka mmodzi ali pamwamba. "Kudya ndalama zonse zija n'kusiya dzenje loti mbuzi n'kulowa! Ponyani matailosi anayi kuno."

Anatseka bwinobwino, n'kumata ndi simenti kuti mphepo isadzasasule. Monga mwa mwambo, anapachika mkoko wa nthochi, nzimbe ndi ngala za mpunga pa mtanda, anapemphera, n'kudya mpunga wachikasu. Wartini ankayenda ndi thireyi ya tiyi, nkhope ili ngwee.

"Amalume, tsopano nyumba yathu yatha ngati za anzathu?"

"Yatha, mwana wanga. Lero ugona osamva dontho."

Marjuki anajambula nyumbayo n'kutumiza pa foni ya mlongo wake. Kuchipatala, Kasiran anali atangotsitsimuka. Ngatemi anamuonetsa misozi ili m'maso.

"Onani zimene abale atichitira."

Kasiran anayang'ana anthu akumwetulira, nthochi zili lende. Kenako anayang'ana pa ngodya. Anakuwa mpaka anamwino anathamanga.

"Imba! Uwauze achotse thailosi limodzi! Limodzi lokha! Amutulutse mwana m'nyumbamo!"

Ngatemi anakumbukira lona ija. Anaimba kwa Marjuki, sinalowe. Anaimba kwa mkazi wa Marjuki, kwa a mumzikiti, kwa aliyense. Mvula yoyamba inali itagwetsa mitengo, magetsi ndi mafoni kumudzi zonse zii. Anapeza galimoto yahayala, n'kumunyamula Kasiran ndi chikhakha chake, adokotala akuletsa. Atafika pa mtsinje anapeza madzi akudutsa pamwamba pa mlatho. Woyendetsa anakana kuwoloka. Kasiran anamulonjeza munda, anamulonjeza lole, anamulonjeza zonse. Madzi okha ndi amene sankamva za malonjezo.

Anawoloka kutacha. Asanafike pa mzikiti anamva ng'oma yamtengo ya pa kanyumba ka alonda ikulira pang'onopang'ono, kaliridwe ka maliro kamene tonse timakadziwa.

Zitseko zinali zokhoma m'kati, mawindo onse otseka. Mkazi wa Marjuki anagona pa bedi lomwelo, ndipo analumbira kuti sanamve kanthu. Wartini analibe bala. Ife amayi amene tinasambitsa mtembo wake tonse tinamva m'manja mwathu: mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ankapepuka ngati mtolo wa mapesi.

Pamaliro Kasiran sanalire. Anthu ali kumanda, iye anakwawa ndi mwendo wake wothyokawo mpaka pa denga, n'kuyamba kuponya matailosi pansi limodzilimodzi. Chuma chinatha mmene chinabwerera. Anyezi anawola, ng'ombe zinafa, minda inagulitsidwa. Ngatemi anabwerera kwa mchimwene wake, ndipo Marjuki sanagwirenso nyundo mpaka lero. Kasiran alipo. Amayenda motsimphina m'mudzi, maso ali pa madenga, ndipo mukapanda kumuona amakwera pa lanu n'kuchotsa thailosi limodzi. Mukamugwira amakuchondererani: "Musatseke, abale. Mwana ali m'katimo."

Inu amene mtima ukukuwawani ndi nyumba ya mnzanu, imvani. Mudzi wonse unali ndi ngongole ya denga kwa Kasiran. Akanangotsegula pakamwa, wina akanabwera ndi nsungwi, wina ndi matailosi otsala, ndipo akanagona m'kanyumba kosadontha, mwana wake ali pambali. Dyera linamuuza kuti zimenezo n'zochepa. Chuma cha mankhwala sichibwera chokha, chimabwera ndi mlendo wake, ndipo mlendoyo akamva njala sadya minda kapena ng'ombe zokha. Amadya chimene simungagulenso.