Chakudya cha ku Matero

Chiyambire pamene dokotala wa asilikali anachenjeza Sajeni Nason Sakala kuti magazi ake ayamba kuthamanga, mkazi wake Ennie anasintha kaphikidwe. Anachepetsa mchere ndi mafuta, mowa anauletsa m'nyumba. Zinthu zinali zitavuta mu Lusaka, anthu akugona pamzere wa ufa, komabe iye ankayenda wapansi kuchoka ku Chawama kukasaka nyemba, masamba ndi nsomba.

Nason ankangolawa n'kukankha mbale, amvekere wadya kale ku kampu. Apongozi a Ennie, Ba Mainess a ku Matero, ankauza abale kuti mkaziyo akuumitsa mwana wawo ngati nkhuni.

Tsiku lina Nason anagwa pa pelete, mkono ndi mwendo wakumanja zitafa. Ennie atathamangira kuchipatala anapeza Ba Mainess pambali pa bedi, ali ndi mtsikana woyembekezera atanyamula mbale ya nyama yokazinga.

"Amai, uyu ni ndani?" anafunsa Ennie.

"Ni Ketty. Ndiye amudyesa mwana wanga monga mwamuna, osati vamasamba vako."

Ketty, posadziwa kuti akulankhula ndi mkazi wa Nason, anafotokoza yekha kuti bamboyo ankadya kwa iye tsiku lililonse akaweruka, botolo la mowa lili pambali, ndipo anamuuza kuti ukwati wake unatha kale. Mankhwala a dokotala anawataya ndi Ba Mainess, ponena kuti ndi a Ennie ofuna kumupusitsa.

Ennie anayang'ana mwamuna wake. Nason anatembenukira kukhoma, misozi ikutsikira m'khutu.

Dokotala atalowa analamula kuti nyamayo ituluke. Ananena kuti Nason sadzavalanso yunifomu, ndipo kunyumba adzafunika womusambitsa ndi kumutembenuza. Ketty anaika mbale pansi, n'kutuluka osatsanzika.

Apo Ba Mainess anagwira chitenje cha Ennie, akulira, namupempha kuti aiwale zonse, popeza banja ndi kupirira.

Ennie anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono.

"Nenze kufuna akote, akalambe na ine, Amai. Imwe munafuna akhute. Musambikeni mweka."

Anamenyetsa chitseko cha wodi. Madzulo ake anatenga ana ake awiri ndi zovala, napita kwa mkulu wake ku Bauleni. Nason atatulutsidwa, galimoto ya asilikali inakamutula kwa amayi ake ku Matero.