Makala pa Zikope

Mtembo wa Declan Roche unali chagada pansi pa masitepe, m'nyumba ya azakhali ake ku Finglas, khosi litathyoka. Detective Mubanga wa Garda, polisi ya dzikolo, anafika cha m'ma 9 m'mawa, kamvula ka ku Dublin kosadziwa kukata kakuwaza. Mkuluyu, wobadwira ku Zambia, anakalambira pa ntchitoyi, ndipo ankayamba ndi nkhope. Maso a malemuyo anali otseka, koma pa zikope zonse ziwiri panali timadontho takuda.

Pabalaza panali felemu yosweka galasi, ndi pepala lakale lomwe linali litatulutsidwamo. Chinali chithunzi cha mtsikana, chojambulidwa ndi makala. Tsitsi ndi mapewa zinalipo, koma nkhope inali itafufutika.

Mwini nyumba, mayi Peggy, anali wokalamba kwambiri ndipo mutu unawathawa kalekale. Amene anaimbira apolisi anali wowasamalira, Tupochele, mayi wa ku Malawi wolankhula motsitsa.

"Ndinangomupeza ali choncho," anatero. "Sindinamukhudze."

Mubanga anamukhulupirira, kapena tinene kuti ankafuna kumukhulupirira. Mayiyu anavutika zaka zambiri asanapeze mapepala okhalira muno, ndipo Mubanga sankafuna kuti dzanja lomulanda zonsezo likhale lake.

Ndiye anathamangira kwina. Foni ya Declan inasonyeza kuti ankakambirana ndi Manfred, wogulitsa zithunzi zakale pafupi ndi Parnell Street. Munthuyo anali wamatama, mpaka Mubanga anayamba kulakalaka kuti wakuphayo akhale iyeyo.

"Anajambula ndi wa ku America, adakali mnyamata, asanatchuke ndi zithunzi zake zamizeremizere zija," anafotokoza Manfred. "Mtsikanayo ndi mayi ake a Peggy, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku New York. Declan anati abweretsa lero. Ine n'kugwira ndi manja? Makala amenewo sanamatidwe, bwana. Mukangokhudza, amakutsatirani."

M'mawa wonsewo Manfred anali kwa dokotala wa mano ku Blanchardstown, mboni zilipo. Mawa lake opima mtembo anatsimikiza kuti za pa zikope zija zinali makala. Mubanga anakhala m'galimoto nthawi yaitali osaliza injini. Mtima unamuwawa.

M'chipinda chofunsira mafunso, Tupochele ali pambali pa loya wake, Mubanga anayamba m'Chingerezi monga mwa lamulo, kenako anatembenukira ku chinenero cha kwawo.

"Amayi, kwanu munthu akatsirizika, mumamusiya maso ali tong'o?"

"Ayi. N'kulakwa kumeneko."

"Nakwathu n'chimodzimodzi. Wakuba sakhala na nthawi yotseka maso a munthu. Amene anatseka a Declan ni munthu woleredwa bwino, ndipo zala zake zinali zitagwira chithunzi chija."

Tupochele anayang'ana manja ake, ngakhale anali oyera.

"Amama aja sadziwanso munthu," anayamba. "Ine ndimawasambitsa daily, koma amandifunsa kuti ndine ndani. Declan samudziwa. Pa galasi amadzithawa okha. Nkhope imodzi yokha ndiyo inatsala, ya pakhoma paja. Akadzuka amaipatsa moni, amvekere Mammy, kenako ndiye amalola kudya."

"Declan anabwera kudzatenga?"

"Anaswa felemu kuti pepala likwane mu bag. Anati aikapo photocopy, nkhalambayo siizindikira. Ndinamuchonderera, abambo. Anandiuza kuti ndine wantchito, ndizikolopa. Anakwera masitepe kukatenga jekete, ine pambuyo. Ndinagwira pepala, iye anakoka. Ndinamukankha."

"Mwangozi?"

Loya anamugwira pa mkono, koma Tupochele anapukusa mutu.

"Ndinamukankha ndi mtima wonse. Kungoti nditatsika, maso ake anali pa ine. Nanenso ndili ndi mwana wamwamuna. Sindikanamusiya choncho."

Mubanga anamuuza mlandu wake mwa dongosolo, mawu akutuluka ouma. Mayiyo anangogwedeza mutu, osakhetsa msozi. Wapolisi wamkazi atabwera kudzamutenga, Tupochele anaima pakhomo.

"Abambo, chikhatho changa ndi chimene chinapita pa nkhope paja. Akatswiri angaibwezeretse?"

Mubanga anali atafunsa kale funso limenelo kwa anthu awiri odziwa. Anaganiza zomunamiza, koma anaona kuti mayiyu sanali woyenera bodza.

"Iyayi, amayi. Sizingatheke."

"Ndiye amama aja mawa adya bwanji?"

Apa m'pamene Tupochele anayamba kulira.