Mfuti ya Malume Conrad

Sungeni anaima pakhomo la chipinda n'kumayang'ana mwendo wa achimwene ake, Marvin. Unali m'chikhakha kuyambira pabondo mpaka kuphazi, ndipo Marvin anagona chagada, maso kudenga. Panali patapita masiku atatu chigwereni m'matatu, minibasi za kumeneko. Kondakitala, amene ku Nairobi amamutcha makanga, anamukankha galimoto ikuyenda, ati chifukwa ankachedwa kutsika. Sungeni anali pambuyo pake ndipo anaona zonse: dzanja lija, chipewa chofiira, ndi mano a mnyamatayo akuseka uku akumenya chitseko kuti dalaivala athamangitse.

Marvin anali goloboyi wa timu ya sukulu. Mpikisano umene anaukonzekera chaka chonse unali sabata yomweyo, ndipo adokotala anati za mpira ayambe waiwala.

"Amayi, ndiye zithera pomwepa?" anafunsa Sungeni.

A Benedicta, amayi ake, sanatukule mutu pa yunifomu imene ankasita. "Kuno tili kwa eni, mwanangu. Abusa ati atiperekeza kupolisi Lolemba."

"Lolemba, Lolemba. Makanga uja akungoyendayenda, akudya chapati."

"Katenge madzi ukawapatse achimwene ako."

Sungeni anakatenga madziwo, koma mtima unali kuwira ngati thobwa la pamoto. Usana wonse wa Lachisanu m'kalasi sanamvemo kanthu. Kumbuyo kwa kope la masamu anajambula chipewa, n'kuchibaya ndi cholembera mpaka pepala linabooka.

Ataweruka sanapite kunyumba ku Buruburu. Anakwera matatu ya ku Industrial Area, kumene a Conrad, alongo awo a amayi ake, anali mkulu wa alonda pa nyumba yosungiramo katundu. Chimwalirireni bambo ake a Sungeni, a Conrad ndiwo anali mzati wa banja. Chifukwa cha ntchito yawoyo anali ndi kamfuti ka m'manja ndi chiphaso chake cha boma. Mfutiyo ankaimangirira m'chiuno n'kuiphimba ndi jekete, chiphaso chili m'thumba la m'kati.

"Naphiri, wabwera wekha kuno?" anatero a Conrad, akumukokera mpando. "Mwendo wa mnyamata uli bwanji?"

"Uli momwe munausiyira, malume."

"Uchira. Mafupa a ana sachedwa."

Sungeni anasisita chikwama chake. Ankawadziwa bwino malume akewo. Anali munthu wofatsa, koma panali malo amodzi amene ukawakhudza ankadzidzimuka. Kwawo ku Mchinji, mwana akalakwiridwa, woyamba kuimirira si bambo ayi, koma malume, mwini mbumba.

"Ndimati ndiwalembere kalata agogo," anatero pang'onopang'ono. "Koma ndasowa cholemba. Ndinene kuti mwana wa mlongo wanu anaponyedwa pamsewu ngati thumba la makala, mwini mbumba ali phee, mfuti ili m'chiuno?"

Nkhope ya a Conrad inasintha. "Mfuti iyi ndi ya ntchito, iwe. Si chidole."

"Sindikuti muwombere. Mungomuonetsa basi. Anjenjemere pamaso pa anzake, adziwe kuti nafenso tili ndi kwathu."

"Amayi ako akudziwa kuti uli kuno?"

"Amayi akudikira Lolemba. Kapena nanunso mudikira abusa?"

A Conrad anayang'ana pazenera nthawi yaitali. Kunja, alonda awiri ankatsegulira lole geti.

"Mawa masana," anatero. "Ndikangolankhula naye. Wamva? Kulankhula kokha."

Loweruka masana siteji ya ku Buruburu inali yodzaza. Nyimbo za m'matatu zinkapikisana, amayi ogulitsa tomato ndi ndiwo zamasamba za sukuma anayala malonda awo m'mbali mwa ngalande, ndipo utsi wa chimanga chowotcha unkalowa m'maso. Sungeni sanavutike kufunafuna. Chipewa chofiira chinali pomwepo, mwini wake atatsamira chitseko, akuitanira anthu opita m'tauni.

"Ndi uyo," anatero, akuloza ndi mlomo.

A Conrad anapita n'kuima kutsogolo kwa mnyamatayo. Chiswahili chawo chinali cha kuntchito, chotsegulira geti ndi kuwerengera makatoni, ndipo atapsa mtima chinkasakanikirana ndi Chichewa. Makanga uja anawamvetsera ndi khutu limodzi, kenaka anatembenukira anzake.

"Mdala uyu akuimba nyimbo ya tchalitchi chanji?" anafunsa m'Chiswahili, ndipo onse anaseka.

Kuseka kumeneko ndi kumene kunawononga zinthu. A Conrad anagwira jekete n'kulikankhira kumbuyo. Mfuti inaonekera, yakuda, ili m'chikopa chake.

Mnyamata uja anauma. Anabwerera chafutambuyo mpaka anagunda galimoto, chipewa n'kugwera m'matope. Anakweza manja, milomo ikunjenjemera. Sungeni anamva kukoma kukutsika mpaka m'mimba. Ichi ndicho anachifuna masiku onsewo, ndipo anafuna kuti chikhalitse.

Sichinakhalitse. Mayi wina wogulitsa tomato anakuwa mawu amodzi a Chiswahili otanthauza wakuba: "Mwizi!" Wina anawabwereza, kenaka siteji yonse. Zaka zimenezo akuba amfuti anali atawasautsa anthu, ndipo munthu wopanda yunifomu akaonetsa mfuti pagulu, palibe ankafunsa dzina lake. Anthu sanathawe. Anayamba kutola miyala.

A Conrad anazindikira zimene anthuwo ankaganiza. Anakweza dzanja limodzi. "Dikirani, ndili ndi chiphaso," anatero m'Chichewa, ataiwala Chiswahili chonse. Anali munthu wokhulupirira mapepala. Moyo wawo wonse, pachipata cha dziko kapena pa ofesi, pepala la chidindo linkathetsa nkhani. Choncho anapisa dzanja m'jekete kuti alitulutse.

Kwa anthuwo, dzanjalo linkapita pamfuti.

Mwala woyamba unachokera kwa bambo wowotcha chimanga, wamtali, wovala epuloni yabuluu. Sungeni anamuona bwinobwino akuwerama, akutola, akuponya. Unawapeza a Conrad pansagwada ndipo anagwa chogwada. Miyala ina inatsatira. Sungeni anathamangira pakati akulira kuti ndi malume ake, si wakuba, koma mawu ake anamira m'phokoso. Wina anamukokera kumbali ndi kolala ya bulawuzi.

Akanapanda apolisi awiri amene ankadutsa n'kuwombera m'mwamba, nkhani ikanakhala ya maliro. Anthu anamwazikana. Wapolisi wina atafumbatula dzanja la a Conrad anapezamo chiphaso chija, chokwinyika, chonyowa magazi.

Kuchipatala anawamanga nsagwada ndi mawaya. Diso lakumanzere linatupa n'kutsekeka, ndipo adokotala sanalonjeze kuti lidzaonanso. Mfuti inatsala kupolisi. Bwana wa kuntchito anabwera, n'kuima pang'ono kumiyendo kwa bedi, nanena kuti akambirana akachira. Aliyense anamva tanthauzo lake.

A Benedicta sanakalipe. Atamva zonse kuchokera pakamwa pa Sungeni yemwe, anatsegula fulasiki, n'kuthira phala lamadzimadzi m'kapu.

"Amwetse," anatero. "Pang'onopang'ono. Sangatsegule kukamwa."

Sungeni analowetsa kapaipi pakati pa mawaya. Phala lina linkatayikira pachibwano, iye n'kumapukuta ndi nsonga ya chitenje cha amayi ake. Diso lotsala la a Conrad linkamuyang'ana, lopanda mkwiyo, ndipo chimenecho chinamupweteka kuposa kukalipiridwa.

Lamlungu, mapemphero atatha, anyamata awiri a kutchalitchi cha Amalawi, Morris ndi Medson, anabwera kudzazonda Marvin. Sungeni polowa ndi tiyi anawapeza atayandikizana mitu, akulankhula motsitsa. Marvin anali atadzuka, atatsamira khoma, maso ali gwa.

"Sungeni, tseka chitseko," anatero. "Akuti unali pafupi. Amene anayamba kuponya mwala unamuona?"

"Ife tili ndi anzathu a ku Rongai," anawonjeza Morris. "Sitikufuna zambiri. Ungotiuza mmene amaonekera ndi pamene amakhala. Zinazo n'zathu."

Sungeni anaika thireyi patebulo. Epuloni yabuluu ija inali m'maso mwake, ngakhale chigamba cha pathumba pake ankachikumbukira. Pamene pankakhala mbaula ya bamboyo, akanatha kupalozera atatsinzina. Mawu anafika mpaka pammero, otentha ngati a Lachisanu aja.

"Ndinamuona," anatero.

"Ndiye?"

"Sindikuuzani."

"Ndi malume athu amene aja, iwe," anatero Marvin. "Waiwala?"

"Sindinaiwale, achimwene. Ndine ndikuwamwetsa phala."

Medson anaseka pang'ono, poganiza kuti mwina anyengerereka, koma Sungeni anathira tiyi m'makapu atatu, n'kuika shuga pafupi ndi Marvin. Kenaka anapita kukhitchini kukatsuka fulasiki, pakuti nthawi yoona odwala inali itayandikira.