Akhwangwala Anadziwa Thirakitala

Lachiwiri, nthawi ili 6:40 m'mawa, ndege yaing'ono yonyamula odwala inameza khwangwala ikunyamuka. Injini inatsokomola kawiri, n'kutulutsa utsi wakuda. Ndege inasiya msewu wake, inakagwera m'ngalande.

Wambalame anaona zonsezi ali m'galimoto yake. M'ndegemo munali mwana wake wamkazi, namwino. Anamutulutsa wamoyo, mkono utathyoka pawiri.

Dzina loti Wambalame anamupatsa chifukwa cha ntchito. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankaingitsa mbalame pabwalo la ndegelo ndi mfuti ya phokoso, popanda ngozi ngakhale imodzi. Koma masana omwewo bwanamkubwa wa pabwalolo anamulanda makiyi.

"Munali m'tulo, achikulire. Lachisanu apolisi akutsegulirani mlandu."

Bwalolo linali litakula ngati mwana wosakwananso malaya. Ndege zikuluzikulu zinalanda malo, ndipo zing'onozing'ono zisanu ndi ziwiri zinkalimbirana malo anayi oimikapo. Lamulo linali louma: ndege yosauluka masiku makumi atatu, malo ake amapatsidwa wina. Woyamba pamzere anali bwana wa ndege yofiira, yonyamula anthu olemera.

Chimene chinamusowetsa mtendere Wambalame chinali china. Khwangwala ndi wamantha, n'chifukwa chake amafa ndi ukalamba. Nanga kumapeto kwa msewu wa ndege ankakafunako chiyani?

Lachitatu anayenda wapansi kunja kwa mpanda. Fungo linamutsogolera. Mkati, m'udzu wometedwa bwino, munali matumbo a nkhuku, ena ouma, ena adzulodzulo.

"Matumbo si umboni," anatero Inspekitala wa polisi ya pabwalo, Wambalame atamuuza. "Galu akhoza kuwabweretsa."

"Galu wokhala ndi chiphaso cholowera mumpanda, bwana? Kumeneko kumafika magalimoto atatu basi. Mawa muwadutsitse, mboni zilipo."

"Mboni zake ziti?"

"Mudzaziona."

Lachinayi pa 6:20 Wambalame ndi Inspekitala anaima kuseri kwa kanyumba ka magetsi. Akhwangwala anali atandandalika pampanda, ali duu. Inadutsa galimoto yozimitsa moto, anabalalika n'kubwerera. Inadutsa ya alonda, sanaiyang'ane n'komwe.

Kenaka inatulukira thirakitala yotchetcha udzu, mipeni itakwezedwa m'mwamba. Mpanda wonse unanyamuka. Akhwangwala anatera pathirakitalapo mopanda mantha, n'kumajompha chivindikiro cha ndowa yomangidwa kuseri kwa mpando. Woyendetsa anawakupiza ndi chipewa, koma sanachoke. Ankafuna chakudya chawo cha m'mawa.

Wambalame anamva chisoni kuposa mkwiyo. Woyendetsayo anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, munthu amene iye anachita kumupemphera ntchito.

Inspekitala anavundukula ndowa. Inali yotsuka, koma fungo linakana kusamuka.

"Wayamba liti?"

"Milungu itatu yapitayi," anayankha mlamuyo, maso ali pansi.

"Anakutuma ndani?"

"Bwana wa ndege yofiira. Anati injini ingowonongeka basi, malo apezeke. Anandilonjeza ntchito ya muofesi."

Pa 8:15 apolisi anamupeza bwanayo pamalo oimikapo ndege ya odwala, akulozera wopaka utoto polemba nambala ya ndege yake. Masiku makumi atatu anamutalikira. Unyolo utalira pamkono anafunsa za loya, ndipo Inspekitala anamuuza kuti foni akaimbira kupolisi.

Akumukweza m'galimoto, mlamu uja anatembenuka.

"Alamu, ndikhululukireni. Sindinkadziwa kuti tsiku limenelo mukwera mwana wathu."

Wambalame anakumbukira kuti munthu yemweyu anakamuona mwanayo kuchipatala Lachiwiri madzulo, atanyamula malalanje.

"Mukanadziwa," anatero motsitsa mawu, "mukanadikira tsiku lokwera mwana wa ndani?"